Kamera Itaima Chadodolido: M'mene Black Panther Inasimbira Mlandu wa Pachibale

Mu filimu ya Black Panther muli kachigawo kena kosakwana ndi mphindi imodzi yomwe, koma ine ndimakabwereza kawirikawiri. Erik Killmonger wangogonjetsa kumene mfumu T'Challa pa mathithi, wamuponya kuphompho, ndipo walamula kuti dimba la mankhwala a ufumu litenthedwe. Tsopano akulowa m'bwalo kukakhala pampando. Kamera ili kumbuyo kwake, koma yaima chadodolido. Denga lili pansi, pansi pali kumwamba, munthuyo akuoneka ngati mleme wolendewera. Pamene akuyandikira mpando, chithunzi chikuzungulira pang'onopang'ono mpaka kuongoka. Ng'oma zomwe takhala tikumva kuyambira pachiyambi zatha mphamvu, m'malo mwake mukugunda mabesi olemera a hip hop ya ku America. Palibe munthu wotsegula pakamwa kunena kuti Wakanda, dziko lopeka la mu Africa lomwe T'Challa amalamulira, lasokonekera. Yanena ndi kamera, ndipo woonera wamva kale m'thupi mutu usanayambe kuganiza.

Filimuyi inatuluka mu February 2018, yopangidwa ndi Marvel Studios. Inadya ndalama pafupifupi madola 200 miliyoni, n'kubweza oposa 1.3 biliyoni. Pa mphoto za Oscar za 2019 inapikisana m'magawo 7, kuphatikizapo la filimu yopambana zonse, chinthu chomwe filimu ya ngwazi za mphamvu zodabwitsa inali isanachitepo. Inapata zitatu: ya zovala, ya kamangidwe ka malo, ndi ya nyimbo. Zitatu zonsezi ndi ntchito zomwe ambirife sitiziganizira tikamaonera pa foni kapena mu video show, maso ali pa stelingi kudikira kuti amenya liti. Chonsecho theka la nkhani ya filimuyi lili mu nsalu, m'makoma ndi m'ng'oma.

Mafilimu a mtundu uwu ali ndi njira yake yodziwika. Pamakhala munthu wa mphamvu zoposa anzake, pamabwera mdani, ngwazi imagwa chapakati, imadzuka, kenako nkhondo yaikulu kumapeto. T'Challa mwiniyo si wa dzulo, anayamba kuoneka m'mabuku a zithunzi mu 1966, wopekedwa ndi Stan Lee ndi Jack Kirby, ndipo filimuyi inali ya nambala 18 pamndandanda wa mafilimu olumikizana a Marvel. Choncho Ryan Coogler, yemwe anaitsogolera ali ndi zaka 31 zokha pomwe imatuluka, anapatsidwa nyumba yomanga kale. Sakanagwetsa khoma lililonse. Chomwe iye ndi mnzake wolemba naye, Joe Robert Cole, anachita ndi kulowetsa m'nyumbamo mlandu wa pabanja.

Mlanduwo uli chonchi. Mfumu T'Chaka inali ndi mng'ono wake, N'Jobu, yemwe anatumizidwa ku America ngati kazitape. Ataona m'mene anthu akuda ankazunzikira kumeneko, anafuna kuwapatsa zida za vibranium, chitsulo chomwe Wakanda inkabisira dziko lonse. T'Chaka anamupha ndi manja ake, n'kusiya mwana wa malemuyo mumzinda wa Oakland ku California, wopanda womulera, kuti chinsinsi chisaululike. Mwanayo ndi Killmonger. Oonera a Chingerezi amati iye ndi T'Challa ndi ma cousin, mawu omwe amaika kampata pakati pa awiriwo. Kwa ife si asuweni ayi. Msuweni ndi mwana wa amalume kapena wa azakhali. N'Jobu ndi bambo aang'ono a T'Challa, ndiye kuti mwana wawo ndi m'bale weniweni, wodya naye mbale imodzi. Ukaionera ndi maso amenewo filimuyi imalemera kuposa m'mene olemba ake mwina ankaganizira. T'Chaka sanasiye mwana wa munthu wina. Anasiya mwana wake yemwe. Ndipo aliyense amene anaonapo mwana wa mtchona akufika pamudzi bambo ake atamwalira kale ku Joni kapena ku Harare, chilankhulo sakuchidziwa bwino, akufunsa munda wa bambo ake, amadziwa bata lomwe limagwa pabwalo nthawi imeneyo. Ufumu wa Wakanda umayenda kuchimuna ngati wa Angoni. Ukanakhala wa Achewa, wolowa m'malo akanakhala mwana wa mlongo wa mfumu, ndipo mkangano wonsewu ukanakhala wina.

Luso loyamba la olembawa lili m'mphindi ziwiri zoyambirira. Chithunzi chisanaoneke tikumva mwana akupempha bambo ake nthano ya kwawo. Bambo akuyamba kusimba za mwala womwe unagwa kuchokera kumwamba, za mafuko asanu, za m'mene Wakanda inadzibisira pomwe maiko ena a mu Africa ankagwidwa ukapolo, ndipo zonsezi zikuumbika pamaso pathu ngati mchenga wakuda woyenda wokha. Woonera koyamba amangoti ndi T'Chaka akuuza T'Challa. Ukabwereza m'pamene umazindikira mawu a Sterling K. Brown, yemwe akusewera N'Jobu. Nthano yotsegulira filimu yonse ikuuzidwa kwa mwana wosiyidwa uja. Kuchokera apo tikupita ku Oakland mu 1992, chaka chomwe mzinda wa Los Angeles unayaka moto ndi zipolowe apolisi omwe anamenya munthu wakuda, Rodney King, atamasulidwa. Oakland ndi kwawo kwa Coogler, komanso ndi komwe chipani chomenyera ufulu wa anthu akuda chotchedwa Black Panther chinayambira mu 1966. Filimu yotchedwa ndi dzina la mfumu yayamba ndi bala la mdani wake.

Pali funso limodzi lomwe lasokedwa mu filimu yonse ngati ulusi: munthu iwe ndiwe yani? Asilikali aakazi a mfumu, a Dora Milaje, akulifunsa kwa N'Jobu pakhomo la nyumba ya ku Oakland, iye akutsegula mlomo wa m'munsi kuonetsa chizindikiro chowala. Pa mathithi, T'Challa atapanikizidwa ndi M'Baku, mtsogoleri wa fuko la kumapiri yemwe akulimbirana naye ufumu, amayi ake akumukuwira kuti aonetse chomwe ali, iye n'kutchula dzina lake ndi la bambo ake. Killmonger atalowa m'bwalo ali womangidwa, akuumiriza kuti amufunse dzina. T'Challa akukana, chifukwa akudziwa kuti dzinalo likangotchulidwa pamaso pa akuluakulu mlandu wadzuka. Mkulu wa fuko la kumtsinje ndiye akufunsa, ndipo mlendoyo, yemwe nthawi yonseyi wakhala akulankhula Chingerezi cha m'misewu ya ku California, akuyankha m'chilankhulo cha makolo ake kuti ndi N'Jadaka, mwana wa N'Jobu. Kwathu mlendo akafika timafunsa kwawo, mfumu yake ndi mfunda wake tisanafunse chomwe wadzera. Olembawa anamanga filimu ya madola mamiliyoni pa funso lomwelo.

Pomwe ndimaona kuti Coogler ndi katswiri ndi pa maulendo opita kwa mizimu. Wolowa ufumu amamwa mankhwala ofiirira, amakwiriridwa mumchenga, n'kukadzuka kudziko la makolo. T'Challa akukadzuka m'dambo lalikulu, kumwamba kuli kofiirira, akambuku akuda ali mumtengo, mmodzi akutsika n'kusanduka bambo ake. Kamera yaima patali kuti tione kukula kwa dzikolo. Mwanayu ali ndi malo, ali ndi makolo osawerengeka kumbuyo kwake. Killmonger akumwa mankhwala omwewo, akukwiriridwa chimodzimodzi, koma akukadzuka m'kanyumba kaja ka ku Oakland. Thambo lofiirira lija lilipo, koma lili kunja kwa zenera, akungoliona osalifikira. M'chipindamo muli mzimu umodzi wokha, bambo ake, nawonso otsekeredwa momwemo chifukwa sanaikidwe kwawo.

Apa olumikiza zithunzi, Michael Shawver ndi Debbie Berman wa ku South Africa, anachita chinthu chosavuta kunena koma chobaya. Akutionetsa Michael B. Jordan, yemwe akusewera Killmonger, chimunthu cha zipsera thupi lonse, chipsera chilichonse chikuimira munthu yemwe anamupha. Kamera ikupita kwa bambo. Ikabwerera, pamalo pomwepo pakhala kamnyamata. Kamnyamatako kakuyankha mouma mtima, kopanda msozi, ngati mwana yemwe anazolowera maliro. Kamera ikapitanso n'kubwerera, wabwerera wamkulu uja, ndipo iye ndiye akugwetsa misozi. Palibe kompyuta yagwira ntchito yaikulu apa, ndi mpeni wa wolumikiza basi, kudula apa n'kulumikiza apo. Koma woonera wamvetsa kuti mkati mwa chigawenga chija mukadali mwana yemwe anapeza mtembo wa bambo ake pansi.

Chomwe chinapangitsa anthu kukangana atatuluka mu holo n'chakuti mdaniyu ali ndi mfundo. Timakumana naye ali wamkulu m'nyumba yosungira zinthu zakale ku London, yopeka, yomwe inajambulidwa ku High Museum of Art ku Atlanta. Akufunsa mayi woyang'anira kuti makolo ake anazipeza bwanji zinthuzo, anagula kapena analanda. Funsolo si lopeka. Asilikali a Britain analanda zosema zambirimbiri ku ufumu wa Benin, womwe lero uli mu Nigeria, mu 1897, ndipo zambiri zikadali ku British Museum. Chigaza cha munthu wakale chomwe chinapezeka mumgodi ku Kabwe mu 1921 chikadali ku London ngakhale Zambia yakhala ikuchipempha. Tsono wolemba akapanga mdani wolankhula zoona chonchi amagwa m'vuto: oonera angamutsatire mpaka kumapeto. Taonani m'mene anatichotsera kwa iye. Akuwombera chibwenzi chake chomwe osaphethira. Akupha nkhalamba Zuri. Akukanyanga pakhosi mayi wosamala dimba la mankhwala. Nkhanza zake zambiri zikugwera akazi, mu filimu yomwe yatiphunzitsa kulemekeza Okoye, mkulu wa a Dora Milaje, Nakia, kazitape wokondedwa wa T'Challa, ndi Shuri, mlongo wake wa T'Challa. Izi zinaikidwa dala, ndipo zikugwira ntchito, koma ine ndimaona kuti olemba anafulumira. Anamuipitsa msanga kuti tisakhale nthawi yaitali ndi funso lake. Chimandiwawanso n'chakuti bwenzi lachizungu la Wakanda ndi Everett Ross wa CIA, bungwe la ukazitape la America lomwe linakonzapo chiwembu chopha Patrice Lumumba wa ku Congo, ndipo filimu ikungomupatsa ndege kuti athandize kupulumutsa dziko. Komabe chimodzi anachikhoza. T'Challa sakutuluka monga analowera. Paulendo wachiwiri kwa mizimu akudzudzula bambo ake ndi makolo onse maso ndi maso kuti analakwa, ndipo njira yomwe akutenga pomaliza, yotsegula Wakanda kuti ithandize anthu akunja, ndi yomwe Nakia ankamuuza kuyambira pachiyambi.

Dziko lomwe mlanduwu ukuchitikira linayenera kumangidwa kuchokera pa zero. Hannah Beachler, womanga malo, analemba buku la masamba pafupifupi 500 lofotokoza mbiri ya Wakanda, mafuko ake, misewu ndi nyumba zake, zambiri zomwe sizinaoneke n'komwe mu filimu. Funso lake linali lakuti mzinda wa mu Africa womwe sunalamulidwepo ndi atsamunda ungaoneke bwanji utalemera. Yankho lake ndi nyumba zosanja zazitali zokhala ndi madenga ozungulira ngati a nyumba zaudzu, makoma otuluka timitengo ngati mizikiti yadothi ya ku Mali, zolemba zochokera ku Nsibidi wa ku Nigeria, ndi msika wa fumbi lake, anthu akuwotcha nyama m'mbali mwa msewu, sitima yamagetsi ikudutsa. Msikawo ndimaukonda kuposa nyumba yachifumu. Ukunena kuti chitukuko sichinathamangitse ogulitsa pamsewu.

Mayi Ruth E. Carter anachita zomwezo ndi zovala. Fuko la kumalire lavala mabulangete a Abasotho a ku Lesotho, dziko lomwe Coogler anakalichezera akukonzekera filimuyi, ndipo pankhondo mabulangetewo akusanduka zishango. A Dora Milaje avala zofiira za mikanda ngati Amasai, ndi mphete za m'khosi ngati Andebele. Chipewa cha mfumukazi Ramonda, amayi ake a T'Challa, ndi isicholo, chipewa cha akazi okwatiwa Achizulu, koma chinaumbidwa ndi makina a 3D printing kuti chizungulire bwinobwino mosaphonya. Mkulu wa fuko la kumtsinje ali ndi mbale pamlomo ngati a Mursi a ku Ethiopia, atavala suti yobiriwira. Mkulu wa fuko la kumigodi, wa tsitsi lomatidwa dothi lofiira ngati a Himba a ku Namibia, ndi mayi Connie Chiume, omwe anabadwira ku South Africa koma bambo awo anali Mmalawi wa m'boma la Nkhata Bay. Anamwalira mu August 2024. Chilankhulo cha Wakanda ndi isiXhosa chifukwa cha a John Kani, omwe anasewera T'Chaka n'kulankhula chilankhulo chawo mu filimu ya Marvel ya 2016, ndipo wosewera Okoye ndi Danai Gurira, yemwe anakulira ku Harare.

Ena amadandaula kuti uku ndi kuwunjika Africa yense mumphika umodzi, Mmasai, Mzulu ndi Mtuareg kukhala mudzi umodzi ngati kontinenti ya maiko oposa 50 ndi boma limodzi. Dandaulolo ndi lomveka. Chipewa chomwe kwa eni ake chimanena kuti mkaziyu ndi wapabanja chasanduka chokongoletsa mfumukazi yopeka. Koma zovalazi zili ndi ntchito ina yomwe wojambula aliyense angaimvetse. Pa mathithi pali anthu mazanamazana. Woonera ayenera kudziwa m'kuphethira kwa diso kuti uyu ndi wa fuko liti. Choncho kumtsinje ndi kobiriwira, kumalire ndi kwa buluu, asilikali a mfumu ndi ofiira, ufumu ndi wakuda ndi wofiirira. Nkhondo yapachiweniweni ikabuka kumapeto, buluu akumenyana ndi chofiira, sufunika wokuuza kuti ndani wapandukira ndani. Ndipo T'Challa, Okoye ndi Nakia akamalowa mu kasino ku Busan, mzinda wa ku South Korea, wina wavala zakuda, wina zofiira, wina zobiriwira, mitundu ya mbendera ya umodzi wa anthu akuda, yomwenso ili pa mbendera ya Malawi.

Mitundu imeneyi sikanaoneka popanda wodziwa kuwala. Aliyense amene anajambulitsapo paukwati amadziwa vutoli: diresi loyera la mkwatibwi latuluka bwino, koma nkhope yake yamira mumdima, kapena wojambula wawalitsa mpaka khungu latuwa ngati wadzola phulusa. Kwa zaka zambiri makampani opanga mafilimu a kamera ankayesera mitundu yawo pa chithunzi cha mkazi wachizungu, ndiye khungu lakuda linkangotsalira. Rachel Morrison, yemwe anajambula Black Panther ndi makamera a Arri Alexa, anali ndi gulu la akuda okhaokha pafupifupi, a khungu losiyanasiyana, kuyambira Lupita Nyong'o, wosewera Nakia, mpaka Angela Bassett, wosewera Ramonda. Khungu lakuda limanyezimira, limabweza mtundu wa chomwe chaliwalira. Yang'anani nkhope ya Chadwick Boseman, wosewera T'Challa, kudziko la mizimu, kufiirira kwa thambo kwakhala pamasaya ndi pamphumi koma maso akuoneka bwinobwino. Yang'anani Nakia m'nkhalango ya Sambisa ku Nigeria usiku, mdima ulipo koma nkhope sinatayike. Morrison anagwirapo ntchito ndi Coogler pa filimu yake yoyamba, Fruitvale Station ya 2013, ndipo chaka chomwe Black Panther imatuluka anakhala mkazi woyamba kupikisana pa Oscar ya ojambula, chifukwa cha filimu ina.

Nyimbo ndiye nkhani payokha. Ludwig Göransson ndi wa ku Sweden, mnzake wa Coogler kuyambira kusukulu ya mafilimu ku California. Atawerenga nkhaniyo ananyamuka kupita ku Senegal, komwe anayenda ndi woimba Baaba Maal, kenako anapita ku International Library of African Music ku Grahamstown ku South Africa, nkhokwe ya nyimbo yomwe Hugh Tracey anayambitsa mu 1954, momwe mulinso nyimbo zomwe anajambula ku Nyasaland. Ku Senegal anakumana ndi tama, kang'oma kopanira m'khwapa komwe woimba amakafinya kuti mawu akwere kapena atsike ngati munthu akulankhula. Massamba Diop anaiimba kuti itchule dzina la T'Challa, ndipo kagundidwe kameneko kamamveka paliponse pomwe mfumu yaonekera. Pa tamayo Göransson anasanjikapo malipenga a okestra, kuti ufumu umveke kulemera. Ndege ikamaboola chophimba n'kulowa mu Wakanda koyamba, mawu okwera omwe akumveka ndi a Baaba Maal, akuimba m'Chifula za njovu yomwe yafa, kutanthauza mfumu. Woonera akusangalala ndi kukongola kwa mzinda, koma nyimbo ikulira maliro a T'Chaka.

Killmonger anapatsidwa mawu awiri osakanikirana. Loyamba ndi chitoliro cha Afula chotchedwa tambin, choimbidwa mwaukali, woimbayo akuchita kukuwiramo. Lachiwiri ndi mabesi a makina a 808, msana wa hip hop. Chitoliro ndi magazi ake, mabesi ndi komwe anakulira. Ndiye munthu atatseka maso akhoza kutsatira yemwe ali pampando. Tama ikalamulira, T'Challa ali moyo. Ikazima n'kubwera mabesi, monga pa kachigawo ka chadodolido kaja, ufumu wapita. Ikabwereranso T'Challa akutuluka m'moto wa ndege yogwa, oonera amayamba kukuwa asanamuone n'komwe bwino. Ife amene timadziwa kusiyanitsa ng'oma ya maliro ndi ya chinamwali tili kutali sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi.

Ndewu ya mu kasino ikuonetsa luso lina. Mafilimu ambiri a nkhonya amadula chithunzi sekondi iliyonse, chibakera apa, nkhope apo, galasi losweka uko, mwina pofuna kubisa kuti womenyayo si mwini wake. Zotsatira zake woonera amamva phokoso koma sadziwa amene ali kuti. Coogler, yemwe mu filimu yake ya Creed ya 2015 anajambula nkhonya ya maraundi awiri osadula, anafuna kuti ndewuyi ioneke ngati yajambulidwa ndi mpweya umodzi. Kamera ikuyamba pansi, ikukwera m'chipinda chapamwamba komwe Okoye akuvina ndi mkondo diresi lofiira likuuluka, ikutsika naye, ikupeza Nakia, ikupeza T'Challa. Kwenikweni ndi zidutswa zingapo zosokedwa mobisa pomwe chinthu chadutsa pafupi ndi kamera, koma chidutswa chilichonse chimafuna kuti anthu makumimakumi agwe, athawe, awombere pa nthawi yake yeniyeni. Mmodzi akaphonya, onse abwereza. Phindu lake n'lakuti tikuona atatuwa akumenya ngati gulu limodzi, aliyense ndi kamenyedwe kake, ndipo Okoye akamavula wigi yomwe wakhala akuinyansidwa n'kuiponya kumaso kwa mdani, tamudziwa khalidwe lake lonse.

Olemba amabzalanso mbewu kuti adzakolole patsogolo. Mu labu ya Shuri, T'Challa akumenya teke suti yatsopano, kenako akuimenyanso n'kuponyedwa kutali. Tikuseka, koma taphunzira lamulo: sutiyi imasunga mphamvu ya chomwe chaimenya n'kuibweza. Pa mlatho ku Busan akugwiritsa ntchito lamulolo kugubuduza galimoto. Shuri akufotokozera Ross, ngati nkhani yongodutsa, kuti zipilala za m'njanji ya mumgodi zimafooketsa vibranium sitima ikamadutsa. Kumapeto kwa filimu mfundo imeneyo ndi yomwe ikupha Killmonger.

Nanga mathithi aja ali kuti? Sali kulikonse. Beachler anatengera maonekedwe a miyala ya ku Oribi Gorge ku KwaZulu-Natal, amisiri n'kumanga thanthwe ndi dziwe lenileni panja pa situdiyo ku Atlanta, mapampu akuzunguza madzi. Ochita sewero anaimadi m'madzimo kumayambiriro a 2017. Kuseri kwa thanthwelo kunali zinsalu za mtundu umodzi, zomwe kompyuta imazichotsa n'kuikapo china. Mtundu wake umakhala wobiriwira kapena buluu chifukwa ndi wotalikana ndi khungu la munthu. Pamalo pa zinsaluzo anaikapo mathithi ndi mapiri, mothandizidwa ndi zithunzi zojambulidwa m'mwamba ku South Africa, Zambia ndi Uganda, ndipo anthu a pamwamba penipeni pa thanthwe ndi opangidwa pa kompyuta. Filimu imayenda zithunzi 24 pa sekondi. Ya mphindi 134 ngati iyi ili ndi zithunzi pafupifupi 193,000, ndipo pa chilichonse chomwe muli CGI, zithunzi zopangidwa pa kompyuta, pali anthu omwe anakhala pansi kuonetsetsa kuti mthunzi wagwera koyenera. Ndewu za pa mathithi zimagwira mtima chifukwa pakati pa zopeka zonsezo pali matupi enieni, opanda suti, opanda chigoba kumaso, akuterereka m'madzi enieni. Boseman anajambula zimenezi atapezeka kale ndi khansa ya m'matumbo mu 2016, osauza anthu, ndipo anamwalira pa 28 August 2020 ali ndi zaka 43.

Nkhondo yomaliza ndi pomwe filimuyi ikufooka, ndipo chifukwa chake n'chomwecho chotembenuza. Abale awiri aja akugwera mumgodi, onse avala masuti ophimba nkhope, malo onse ndi a kompyuta, mdima uli ponseponse. Kwa mphindi zingapo sitikuonanso Boseman ndi Jordan, tikuona zidole ziwiri zakuda zikudumpha ngati zampira. Diso la munthu limadziwa kulemera kwa thupi. Limadziwa kuti munthu akagwa kuchokera patali bondo limapindika, mpweya umatuluka, amachedwa kudzuka. Zidolezi zilibe kulemera, ndiye nkhonya zake sizipweteka. Kunja nako kwabwera zipembere zovala zitsulo ndi ndege zowomberana, chifukwa nyumba yomanga kale ija imalamula kuti kumapeto kukhale chiphokoso. Si kuti amisiri a kompyuta ndi osadziwa ntchito. Omwewo ndi amene anapanga mzinda ndi mchenga wa nthano ija. Vuto ndi lakuti mlandu wa pachibale, womwe wayenda ndi nkhope ndi mawu kwa maola awiri, waperekedwa kwa zinthu zopanda nkhope.

Mpeni utalowa, zigoba zikuchoka, ndipo filimu ikubwerera mwakale. T'Challa akunyamula m'bale wake kukwera naye pakamwa pa mgodi kuti aone dzuwa likulowa, lomwe bambo ake anamuuza ku Oakland kuti kulibe lokongola ngati la kwawo. Morrison wawaika awiriwo pansi, kuwala kofiira kuli pankhope, kamera siikugwedezeka. Chitoliro chija chafatsa, zeze za okestra zatenga nyimbo yake n'kuiimba ngati ya maliro. T'Challa akuti akhoza kumuchiza. Killmonger akukana moyo wa m'ndende, akupempha kuti akamutaye m'nyanja momwe muli makolo ake omwe anadumpha m'zombo za akapolo. Makolo omwe akuwatchula pomaliza ndi a kuchikazi, a ku America, osati mafumu a m'dambo lofiirira lija. Akuzula yekha mpeniwo.

Kenako tabwerera pa bwalo la basketball ku Oakland, pomwe filimu inayambira. Mu 1992 mwana mmodzi anasiya mpira n'kuyang'ana kumwamba, kuona kuwala kwa ndege ikuthawa mobisala, itasiya mtembo wa bambo ake. Tsopano ndi masana, T'Challa wagula nyumba ija kuti ikhale malo othandizira ana a m'deralo, ndipo ndege ikutera poyera ana akuithamangira. Mnyamata mmodzi yekha sakuthamanga. Akuyandikira T'Challa, akumuyang'anitsitsa, n'kumufunsa kuti ndi yani. T'Challa akumwetulira, tama ikugunda, chithunzi chikuzima asanayankhe.